Kubwerera ku Malawi kudzaphunzira mutachoka muli ana: mafunso ndi mayankho ochokera ku Nkhotakota

Ndinabadwira kufupi ndi Chia, m'boma la Nkhotakota, ndipo ndinachoka ndili ndi zaka 8 kutsatira bambo anga ku Johannesburg. Ndinabwerera ndili ndi zaka 22 kudzachita kafukufuku wa ulimi wa mpunga kwa miyezi 10. Miyezi ija inasanduka zaka, mpaka lero ndikadali kuno. Chibwerereni, chaka sichitha ndisanafunsidwe ndi makolo a ku Joni, ku Harare kapena ku Leicester amene mwana wawo wafika pa yunivesite ndipo akuti akufuna semesita imodzi, chaka, kapena digiri yonse akachitire kwawo. Mafunso amakhala omwewomwewo. Ndikuyankha kwa inu ophunzira, osati kwa makolo, popeza wokwera basi kapena ndege ndinu.

Kodi ndidzabwera ngati Mmalawi kapena ngati mlendo?

Mumtima mukudziwa kale yankho, koma pa chipata amayang'ana pasipoti. Kale mwana wokhala ndi unzika wa mayiko awiri ankayenera kusankha dziko limodzi akakula, ndipo ambiri anataya Umalawi wawo mwa njira imeneyi osadziwa n'komwe. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika kuti Mmalawi athe kukhalanso nzika ya dziko lina. Izi sizingochitika zokha. Mumayenera kukalembetsa ku nthambi ya Immigration, ndipo ndi bwino kuyamba nkhaniyi ku ofesi ya kazembe wa Malawi komwe muliko miyezi ingapo ulendo usanafike.

Mukalowa ndi pasipoti ya dziko lina musanakonze za unzika, mufunika chilolezo cha wophunzira monga mlendo wina aliyense, ngakhale mchombo wanu unakwiriridwa ku Linga, ku Nkhotakota konkuno. Fizi nayonso imasiyana: mayunivesite amalipiritsa wochokera kunja ndalama zambiri kuposa nzika.

Chiphaso cha unzika chochokera ku National Registration Bureau chinayamba kuperekedwa kwa anthu onse mu 2017, kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo lero amachifuna ku banki, polembetsa nambala ya foni ndi m'maofesi ambiri. Vuto la ife obadwa kale n'loti sitinapatsidwe satifiketi yobadwira. Funsani amayi ngati anasunga kadi yanu ya sikelo kapena ya ubatizo. Ya ine inapezeka m'sutikesi ya agogo, itakulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi malisiti a feteleza. Kalata ya a mfumu a m'mudzi mwanu imathandizanso, ndiye musachoke komwe muliko musanadziwe dzina la mudzi wa amayi anu, gulupu wake ndi T/A wake.

Ku Nkhotakota kapena ku Salima kuli yunivesite?

Palibe yunivesite ya boma yomwe likulu lake lili m'maboma awiriwa. University of Malawi, yomwe inayamba mu 1965, ili ku Zomba. Mu 2021 makoleji ake ena anaima paokha: Kamuzu University of Health Sciences ya zaumoyo, ndi MUBAS, yomwe ambiri akuitchulabe Poly, ku Blantyre. LUANAR ili ku Bunda, Mzuzu University ili kumpoto, ndipo MUST ili ku Thyolo. Ku Salima kuli Salima Technical College ku Senga Bay, ya ntchito zamanja.

Choncho ambiri amalembetsa ku imodzi mwa sukuluzi n'kumatsikira kunyanja kukachita kafukufuku kapena maphunziro a pa ntchito. Zophunzira kuno zilipo zambiri. Wa zaulimi ali ndi malo ofufuzira za mpunga ku Lifuwu, sikimu ya mpunga ya Bua ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Wa zachilengedwe ali ndi nkhalango ya Nkhotakota, yomwe African Parks inayamba kuyendetsa mu 2015 ndipo inalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mu mtsinje wa Bua mumakwera mpasa kukaswana. Wa zaumoyo ali ndi zipatala za boma ndi chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican. Wa mbiri yakale ndiye wafika pamwini pake: pano m'pamene a Jumbe, atsogoleri a amalonda a Chiswahili, ankasonkhanitsira akapolo ndi minyanga n'kuwolotsa nyanja kupita ku Kilwa, ndipo mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe umasonyezedwabe pa boma. Ndili mwana ndinkadutsa pamenepo popita kuchipatala osadziwa kanthu. Ndinamva mbiri yake bwinobwino nditakula, kuchokera kwa nkhalamba ina ya pa mzikiti, ndipo inali ndi mbali zomwe sindinaziwerengepo m'kalasi.

Satifiketi yanga ya matric kapena A-Level adzailandira?

Muyeso wa kuno ndi MSCE yokhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo. Satifiketi ya kunja amaiyerekeza ndi muyeso umenewu. Bungwe la National Council for Higher Education ndi limene limavomereza masukulu ndi maphunziro awo, ndiye musanalipire kulikonse, makamaka ku koleji yomwe si ya boma, onani ngati kosi yeniyeniyo ili yovomerezeka, osati dzina la sukulu lokha.

Ngati mukubwera kwa semesita imodzi kapena ziwiri, yunivesite yanu ya kunjako ilembe papepala kuti maphunziro akuti ndi akuti idzawawerengera. Lonjezo la pakamwa la mphunzitsi silikwanira, chifukwa mphunzitsiyo akhoza kusamuka inu muli kuno. Dziwaninso kuti kalendala ya sukulu za kuno imatha kusuntha. Tikiti yobwerera ikhale yotheka kusintha tsiku.

Chichewa changa chinathawa. Ndidzakwanitsa?

M'kalasi mudzakwanitsa, maphunziro onse a ku yunivesite ndi a m'Chingerezi. Nkhani ili kunja kwa kalasi.

Chichewa chanu sichinathawe chonse. Chimene chinachitika n'choti chinaima pa msinkhu womwe munachokera. Ine ndinabwera ndi Chichewa cha mwana wa zaka 8: ndinkadziwa kupempha madzi, kudandaula njala ndi kuyankha ndikatumidwa. Sindinkadziwa kupepesa pamaliro, kukana chinthu mwaulemu, kapena kuyamba nkhani yovuta ndi munthu wamkulu. Sabata yoyamba ndinauza mlongo wa agogo anga kuti "iwe", chifukwa kunyumba ku Joni tinkangolankhula choncho ndi abale anga. Sanandikalipire. Anangokhala chete kanthawi, n'kufunsa azakhali kuti, "Mwanayu anamulera ndani?" Funso limeneli linapweteka amayi anga ali kutali kuposa mmene linandipwetekera ine, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinaika mtima pa "inu", pa "a" wa patsogolo pa dzina, pa kugwada popereka madzi ndi pa kuodira ndisanalowe pakhomo.

Yambani ndi moni, ndipo musamufupikitse. Munthu akakufunsani za kumene mwachokera, za amayi, za bambo, za ulendo, sakukuchedwetsani. Akukulowetsani m'mudzi. Inunso mufunse mofananamo: ana, odwala, kumunda, kunyanja.

Adzakusekani, makamaka ana, mukasakaniza mawu a Chizulu kapena Chishona. Kuseka kumeneko kulibe njiru, ndipo amene akukusekaniyo ndi amene adzakuuzeni mawu oyenera. Choopsa ndi kuthawira ku Chingerezi nthawi iliyonse mukachita manyazi, chifukwa anthu adzayamba kukuyankhani m'Chingerezi kapena kukupezerani womasulira, basi khomo latsekeka. Khalani pomwe amayi akupala chinangwa, pitani kugombe m'mawa asodzi akamabwera ndi usipa, mverani wayilesi. Mudzaonanso kuti Chichewa cha kunyanja chili ndi kamvekedwe kake kosiyana ndi ka ku Lilongwe, kuti kupitirira Dwangwa mumayamba kumva Chitonga, ndipo m'midzi ina ya ku Salima mumamveka Chiyawo. Kwa ine panatha miyezi 4 kuti ndiyambe kumva nthabwala za pamsika nthawi yomweyo, osachita kufotokozeredwa.

Ndidzakhale kwa achibale kapena ndidzapeze malo anga?

Masabata oyamba fikirani kwa achibale. Kufika m'boma lakwanu n'kukagona ku resiti hausi abale ali pomwepo ndi chipongwe chomwe chimakumbukiridwa zaka. Koma ngati mukhala miyezi yambiri ndipo muli ndi zolemba, pezani chipinda chanu pafupi ndi pomwe mukugwirira ntchito, kumudzi muzipita Loweruka ndi Lamlungu. M'nyumba ya kumudzi munthu sadzitsekera m'chipinda masana. Akatero amafunsidwa ngati wadwala kapena wakwiya. Auzeni amalume anu za dongosololi musanafike. Kwa ife Achewa amalume ndi mwini mbumba, ndipo iwo akavomera, enawo savuta.

Za thandizo la pakhomo, musadikire kupemphedwa. Gulani thumba la chimanga kapena mpunga, sopo, shuga, mafuta ophikira, mayunitsi a magetsi ngati alipo, n'kupereka kwa mayi wa pakhomopo. Kupereka ku nyumba yonse kumasunga mtendere kuposa kugawa ndalama kwa mmodzimmodzi. Zopempha zidzabwerabe: fizi, foni, mpamba wa bizinesi, kapena kuti mudzamutengeko wina ku Joni. Anthu sakulakwa kupempha, umphawi ulipodi ndipo akuona kuti mwachokera komwe kuli ndalama. Nenani zoona, kuti ndinu mwana wa sukulu. "Ndiona" wa ulemu uja kuno amamveka ngati lonjezo, ndipo munthu amadikira.

Ndinabadwira konko. Kodi malungo angandivute?

Inde, ndipo pamfundo iyi ndikupemphani kuti mundimvere ngakhale zina zonse mutazitaya. Mphamvu yolimbana ndi malungo yomwe munthu wokulira kuno amakhala nayo imabwera chifukwa cholumidwa ndi kudwala mobwerezabwereza, ndipo imazilala munthu akakhala zaka kumalo kopanda malungo. Thupi lanu lero lili ngati la mlendo. Nkhotakota ndi Salima ndi maboma otentha, a madambo ndi minda ya mpunga, komwe malungo amagwira chaka chonse ndipo amakula nthawi ya dzinja. Ine ndinakana mankhwala oteteza chifukwa ndinkaona ngati kumwa mankhwala popita kwathu n'kudzikweza. Mwezi wachiwiri ndinagonekedwa masiku 5.

Onanani ndi dokotala musananyamuke akupatseni mankhwala oteteza. Gonani m'neti usiku uliwonse, ngakhale mu Okutobala kukamatentha ngati pamoto. Thupi likatentha kapena mutu ukayamba, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo mankhwala a malungo a LA amagwira bwino ntchito mukawayamba msanga n'kumaliza. Mukadzabwerera kunja n'kudwala, ngakhale patapita miyezi, uzani dokotala kuti munali ku Malawi.

Likodzo nalonso lilipo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu posamba kapena kuyenda m'madzi, makamaka m'malo a bango ndi m'minda ya mpunga. Sindikuuzani kuti musasambe m'nyanja, chifukwa ndikudziwa kuti simungamve, ndipo inenso ndimasamba. Mudzayezetse pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mankhwala ake ndi praziquantel. Ku Chia ndi ku mathiriro a Bua kuli ng'ona ndi mvuu, ndiye funsani eni malo musanalowe m'madzi. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini: kolera wa mu 2022 ndi 2023 anakantha kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja.

Ndikonzekere ndalama zingati?

Sinditchula chiwerengero chifukwa chingakusocheretseni. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu imasintha mkati mwa semesita imodzi. Funsani wophunzira amene ali pasukulupo panopa za lendi, chakudya ndi thiransipoti, muwonjezerepo. Musasinthe ndalama zanu zonse tsiku limodzi, ndipo sinthirani ku banki kapena ku malo ovomerezeka, osati pamsewu. Tsegulani Airtel Money kapena Mpamba mukangofika, popeza kutali ndi boma mabanki kulibe koma ma ejenti ali paliponse. Ngongole za Higher Education Students' Loans and Grants Board zinakonzedwera Amalawi osowa, ndipo opempha amachuluka kuposa ndalama zake. Ngati makolo anu angathe kulipira, asiyireni malowo ana a kuno.

Ndikufuna kuchita kafukufuku m'mudzi mwathu momwe. Ndikufunikabe chilolezo?

Mukufunika, kawiri konse. Choyamba n'cha boma: kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, ndipo makomiti amenewa ali pansi pa National Commission for Science and Technology kapena m'mayunivesite. Chilolezo cha yunivesite yanu ya kunja pachokha sichikwanira, ndipo cha kuno chimatenga nthawi, ndiye yambani msanga. Mukachipeza mumakadzionetsa ku ofesi ya bwanamkubwa. Chachiwiri n'cha mafumu: T/A, kaya ndi a Malengachanzi, a Kanyenda, a Mwadzama kapena a Maganga ku Salima, kenako gulupu, kenako nyakwawa. Osalumpha aliyense, ndipo musapite nokha, mupite ndi wamkulu wa kubanja kwanu.

Kukhala mwana wa m'mudzimo kumatsegula makomo, komanso kumabweretsa vuto lomwe mlendo weniweni sakumana nalo. Mayi amene anakuberekanipo kumsana sangakukanizeni mafunso ngakhale sakufuna kuyankha. Muyenera kumuuza momveka, kangapo, kuti kukana n'kololedwa. Ena adzakubisirani za ngongole kapena za malire a munda poopa kuti zikafika kwa azakhali anu. Ena adzakuuzani zambiri zedi, zomwe simuyenera kulemba. Ine ndinasamutsira theka la mafunso anga kumidzi komwe sankandidziwa, ndipo ntchito inayenda bwino.

Anthu a kuno afunsidwa mafunso ndi ofufuza ambiri amene sanaonekenso. Mukamaliza, bwererani mukhale nawo pansi pa mtengo muwauze m'Chichewa zomwe munapeza.

Akamanditchula mtchona ndizimva bwanji?

Dzinali ndi lakale. Azigogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia, ndipo amene anakhalitsa osabwerera ankatchedwa matchona. Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, koma anthu sanasiye kupita, ndipo lero mabanja ambiri a kuno ali ndi wawo ku Joni. Choncho simuli chinthu chachilendo. Mudzi unazolowera kutaya ana ndi kuwalandiranso.

M'mawuwa muli kudandaula pang'ono, koti munatisiya, komanso muli kuvomereza kuti ndinu wathu, pakuti mzungu satchedwa mtchona. Chimene chimafafaniza dzinali ndi kupezeka. Mukamva zovuta, siyani mabuku mupite, mukhale pansi ndi anzanu, mupereke chipepeso chanu, ngati ndinu wamkazi muvale chitenje. Pa Eid kapena pa Khirisimasi muyendere mbali zonse, popeza mabanja ambiri a ku Nkhotakota ali ndi Asilamu ndi Akhristu m'nyumba imodzi. Ndipo lekani kuyamba chiganizo chilichonse ndi "kwathu ku Joni". Ndinazindikira mochedwa kuti mawu akuti "kwathu" aja ankawabaya agogo.

Kodi ndidzapeza zomwe ndinasiya?

Zina. Fungo la kondowole ndi usipa wofutsa lidzakubwezerani ku ubwana nthawi yomweyo, ndipo mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye nyanja imalira monga kale. Koma nyumba yomwe mukuikumbukira kuti inali yaikulu mudzaipeza yaing'ono, mwina inagwa, mwina mukukhala ena. Mtengo wa mango womwe ndinkaulota ku Joni ndinapeza unadulidwa kalekale, anaotchera njerwa. Anzanu a Sitandade 2 ali ndi ana atatu, ena ali ku Joni komwe mwachokerako, ena anamwalira ndipo palibe anakuuzani. Madzi osefukira a mu 2024 anasamutsa mabanja ambiri ku Dwangwa, ndipo nyanja itakwera chaka chomwecho inameza magombe ena omwe tinkasewerapo.

Chimene chinandivuta kwambiri sichinali kusintha kwa malo. Chinali kuzindikira kuti zomwe ndinkadziwa za kwathu zinali zokumbukira za mwana, ndipo mwana sadziwa mtengo wa feteleza, sadziwa chifukwa chomwe mabanja awiri sayankhulana, sadziwa kuti chaka chomwe ankasangalala kudya mango tsiku lonse chinali chaka cha njala. Ife tinachoka mu 2002, ndipo ndinauzidwa nditabwerera kuti njala ya chaka chimenecho ndi imene inathamangitsa bambo. Anzanu a m'kalasi obadwira ndi kukulira kuno akudziwa dzikoli kuposa inu, ngakhale inu mwawerenga mabuku ambiri onena za ilo. Afunseni.

Ngati mukufuna kukaona manda a agogo, musalowe nokha kumanda. Uzani amalume, iwo akapempha kwa a mfumu, ndipo padzapezeka wokuperekezani n'kukulozerani mtumbira wake. Ikani tsiku lapadera, lopanda zina zochita.

Ndibwere liti, ndipo ndidzafika bwanji?

Ngati kalendala ya sukulu ikulolani, fikani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kukuzizira, mpunga wakololedwa ndipo misewu ndi youma. Kuchokera ku bwalo la ndege la Kamuzu mumatsata msewu wa M14 kutsikira ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, kenako M5 kulowera kumpoto mpaka ku Nkhotakota. Nthawi ya dzinja M5 imatha kuduka pa milatho, ndiye funsani musananyamuke. Basi yochokera ku Johannesburg imadzera ku Beitbridge ndi ku Tete, ndipo imatenga masiku awiri kapena kupitirira, malingana ndi mizere ya pa zipata. Pa kabaza wa njinga yamoto valani chipewa choteteza mutu pangozi, ndipo pewani kuyenda usiku.

Makolo anga akuopa kuti ndikapita sindidzabwereranso. Ndiwauze chiyani?

Musawalonjeze chomwe simukudziwa. Ambiri amene ndawalandira anabwerera kukamaliza sukulu, ndipo anachita bwino kutero, pakuti ntchito kuno n'zosowa ngakhale kwa a madigiri. Ochepa anatsala. Mantha a makolo anu ali ndi mbali inanso imene mwina sangainene: anachoka movutika, ena sanabwere ku maliro a makolo awo chifukwa cha mapepala kapena ndalama, ndipo kubwera kwanu kudzadzutsa nkhani zimenezo. Khalani nawo pansi musananyamuke. Afunseni amene muyenera kuyamba kumuona, amene anasiyana naye mosagwirizana, ndi uthenga woti mukapereke kwa ndani.

Tsiku lochoka kuno likayandikira, yambani kutsanzika kutatsala sabata yathunthu, khomo ndi khomo, kuyambira kwa a mfumu. Siyani malo m'chikwama, chifukwa adzakupatsani mpunga wa Faya, ufa wa kondowole ndi usipa wouma woti mukapatse amayi anu. Musakane pamaso pawo. Funsani malamulo a dziko lomwe mukupitalo pa zakudya zololedwa kulowa, ndipo zomwe sizingadutse pa chipata muwasiyire azakhali mwakachetechete.